Voti ya Mwendo wa a Nankhoma

Kuli ufumu wina wotchedwa Tsegulireni. Musavutike kuufunafuna pa mapu, chifukwa komiti yoti igwirizane za malire ake ikadali pa msonkhano. Maufumu ena amanyadira golide, ena fodya, ena asilikali a ndevu. A ku Tsegulireni amanyadira chinenero. Osati cholankhulana anthu ayi, koma cholamulira makina. Ukalemba mizere ingapo pa kompyuta, chigayo chimagaya, mpope umatulutsa madzi, chitseko chimapatuka chokha ngati chaona apongozi.

Chinenerocho dzina lake ndi Chiwaya, ndipo chilibe mwini. Aliyense atha kuchitenga mwaulere, kuchisuzumira m'kati, kukonza pamene pawonongeka, n'kubweza kuti anzake apindule nawo. N'chifukwa chake anachitcha Chiwaya: aliyense amaponyamo kake, aliyense amatolamo. Lachisanu lililonse dzuwa likafika paliwombo, makina onse a mu ufumuwo amalandira Chiwaya chatsopano kuchokera ku nyumba yachifumu kudzera pa netiweki, afune asafune. Anthu amangoti makina akumwa phala.

Amene anayambitsa Chiwaya ndi Amfumu Chigwedeza, kalekale akadali mnyamata wosadziwa chipeso. Ulamuliro wawo unali wosavuta. Munthu akabwera ndi maganizo osintha chinenero, ankagwada pa bwalo n'kufotokoza. Amfumu ankamvetsera, kenako khosi linkagwira ntchito. Akagwedezera mutu pansi, ndiye kuti zatheka. Akaupukusa, ndiye kuti nyamuka uzipita. Kwa zaka zambirimbiri ufumu wonse unkayendera khosi limodzi limeneli. Ndiye khosi si chitsulo, abale. Tsiku lina linangouma gwa! Madokotala anawaveka chikolala cholimba kuyambira pachibwano mpaka m'mapewa, n'kuwalangiza kuti asadzayerekezenso kuvomera kapena kukana kanthu.

Mwina mufunsa kuti bwanji sankangoyankha ndi pakamwa. Inunso! Mwambo wa ku Tsegulireni sudziwa chigamulo cha pakamwa. Choncho nduna zinakumana mu likulu la Tikambenso n'kulengeza kuti kuyambira tsopano zosintha zonse za Chiwaya zizidzera mu voti. Umu ndi mmene demokalase inafikira kumeneko. Kwina anthu amaifera, koma ku Tsegulireni inabwera ndi dokotala wa mafupa.

Tsono pa msika wa Pirirani, kumunsi kwa likululo, panali mayi wina wogulitsa nsapato za kaunjika, dzina lawo a Edesi Nankhoma. Mwendo wawo wakumanja unali wobadwa nawo. Wakumanzere unatsala mu ngozi ya minibasi, ndipo m'malo mwake a Dafuleni, wowotcherera wa pamsikapo, anawapangira wachitsulo. Anaupanga ndi mapaipi a njinga, kakompyuta pabondo, ndi kadayinamo kuti uzidzipangira wokha magetsi ukamayenda. Mwendowo unkadziwa mawu atatu a Chiwaya: yenda, khota, ima. Unkamvera mawu a a Nankhoma okha, chinthu chimene malemu amuna awo sanachitepo. Unalinso ndi kakhalidwe kena: ukapunthwa n'kuwagwetsa, unkatumiza wokha uthenga ku nyumba yachifumu wonena pamene Chiwaya chalakwitsa. A Nankhoma ankangodzisansa fumbi n'kumapitirira, osadziwa kuti bondo lawo limalemberana ndi akuluakulu.

Nkhani yoyamba kubwera pa bwalo khosi litauma inachokera kwa a Zingalume, Nduna ya Zamawa, bambo wovala suti ngakhale mwezi wa Okutobala.

"Amfumu, nduna zinzanga, ndi inu nonse okonda chitukuko," anayamba motero. "Mu Chiwaya chathu muli liwu limene likutichititsa manyazi. Liwu lake ndi lakuti 'ima'. Linalembedwa Amfumu asanamere ndevu. Ndi lachikale, ndi losaoneka bwino, ndipo a mayiko ena akaliona amatiseka. Kodi dzuwa limaima? Kodi mitengo ya zinthu imaima? Nanga ife tiimirenji? Lichotsedwe! M'malo mwake tikukonza liwu lamakono, lofatsa, lophunzira, lotchedwa 'pumulako mwanzeru'."

"Limenelo lipezeka liti?" inafunsa nduna ina.

"Likubwera."

Onse anawomba m'manja. Musawadabwe. Makina amene akuluakuluwa ankawadziwa anali mawotchi a pakhoma, zokupizira mphepo ndi kasupe wokongoletsa bwalo, zinthu zimene palibe anaziuzapo kuti ziime. Amfumu anangoyendetsa maso uku ndi uku mu chikolala chawo.

Nkhaniyi inafika pa msika wa Pirirani kudzera pa wailesi. A Nankhoma anasiya nsapato imene ankapukuta, nati "yenda", mpaka pa shedi ya a Dafuleni.

"Achimwene, mwamva? Akachotsa 'ima', ine ndidzaima bwanji?"

"Simudzaima, achemwali."

"Ndiye?"

"Ndiye mudzakhala patsogolo pa chitukuko," anatero a Dafuleni akutsitsa magalasi awo akuda. "Koma akuti kuli voti. Kavoteni kuti lisachoke."

Kunena n'kosavuta. Vuto linali lakuti panalibe ankadziwa oyenera kuvota. Nduna zinati nkhani yaikulu chonchi iyenera kudzera mu voti. Wina anafunsa kuti nanga pa voti yosankha ovota, avote ndani? Apa nduna zinaona kuti nkhaniyi si yokambirana ndi njala. Anaitanitsa nkhuku. Nkhuku zitatha anaitanitsa mbuzi. Mbuzi zitayamba kuthawa zikangoona galimoto ya boma, mlembi wa bwalo, a Jailosi, munthu woonda wokonda malamulo kuposa ana ake, anatuluka ndi chimkuzamawu.

"Lamulo loyamba! Chiwaya ndi cha amene amachilemba. Aliyense amene analembapo mzere, ngakhale umodzi, avota."

Eee, msika unasanduka sukulu. Ogulitsa tomato, ometa, amakala, onse anafola pa makompyuta a pansi pa maambulera kuti alembe mzere wawo. Koma munthu woleredwa bwino akapatsidwa mpata wolankhula koyamba, amayamba ndi chiyani? Moni. Aliyense anawonjezera moni. A Nankhoma nawo, a Dafuleni atawagwira dzanja, analemba mzere woti mpope ukamaliza kuthira madzi uziti "zikomo, muyende bwino". Anabwerera pa benchi yawo ali wovota, mtima uli m'malo.

Lachisanu makina atamwa phala, ufumu unadzaza ulemu. Chigayo chisanagaye chinkayamba chafunsa za kunyumba, za ana, za odwala, ndi za mvula ya kumudzi kwanu. Ukayankha mwachidule chinkakhumudwa n'kuyambiranso. Chitseko cha ku chipatala chinkadziodira chokha n'kudikira kuti wina achiyankhe. Amayi ankapita kuchigayo m'mawa n'kubwerako madzulo ndi chimanga chosagaya, koma atafunsidwa bwino za moyo wawo koyamba chikwatiwire.

A Jailosi anatulukanso. "Lamulo lachiwiri! Moni si ntchito. Ovota ndi okhawo amene mizere yawo inavomerezedwa ndi Osunga Makiyi."

Osunga Makiyi anali akuluakulu a ku nyumba yachifumu amene ankasankha zolowa mu phala la Lachisanu. Anali anthu achilungamo kwambiri, kungoti mwangozi mizere yabwino inkangochokera kwa alamu awo. Mphwake wa nduna ina ankaika mpata pakati pa mawu awiri Lolemba, n'kuuchotsa Lachiwiri, n'kuubwezera Lachitatu, mpaka anapatsidwa mendulo ya mlembi wakhama. A Dafuleni, amene mizere yawo inkayendetsa theka la msika, anauzidwa kuti zolemba zawo zikununkha utsi wa shedi. Kampani ya Tidyeretu inalemba ntchito gulu la olemba mizere, ndipo chodabwitsa n'chakuti onsewo ankaganiza mofanana, makamaka kumapeto kwa mwezi.

Kenako a Zingalume anakumbukira akufa. Anati mizere ya olemba amene anamwalira ikugwirabe ntchito, ndiye kungakhale kusalemekeza makolo kuwamana voti. Atafunsidwa kuti akufawo anena bwanji maganizo awo, ndunayo inadzipereka modzichepetsa. Inati imawalota kawirikawiri, ndipo onse amadana ndi liwu lakuti "ima".

Voti ya a Nankhoma inathera pomwepo, pamodzi ndi "zikomo" wa mpope. Mayiwo sanadye tsiku limenelo. Ankangoyenda pang'ono n'kuti "ima", kuyenda pang'ono n'kuti "ima", ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale wake pa depoti. Kutacha anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi n'kukwera chitunda cha ku Tikambenso.

Anafika pa bwalo nduna zili pakati pa kukambirana ngati mapasa avote kawiri. Anati "ima" pamaso pa Amfumu, mwendo n'kuima kuti nji. Kugwada sakanatha, choncho anangowomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo Amfumu, zikomo mabwana. Ine ndine Nankhoma wa nsapato. Sukulu ya makompyuta sindinapiteko. Koma liwu mukufuna kuchotsali ndi limene landiimika pano. Mukalichotsa, inu mudzapita kunyumba kukadya, ine ndidzapitirira nyumba yanga ndikuiona. Ndiye ndati ndipemphe, nane ndivoteko."

A Zingalume anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni kuti amunyamule. "Mayi, takumvani, ndipo tikukuthokozani chifukwa chogwiritsa ntchito Chiwaya. Koma mu ufumu muno muli magulu awiri. Pali olemba, pali ongodya. Inu ndinu ongodya. Kodi wogula chipisi amavota za mafuta okazingira?"

"Savota, bwana. Koma mafutawo akakhala oipa, wothamangira kuseri ndi iyeyo."

Alonda a pachipata anaseka, kenako anakumbukira ntchito zawo n'kutsokomola.

"Tikalola aliyense wogwiritsa ntchito kuti avote," inapitiriza ndunayo, "mawa kubwera a chigayo, mkuja a mpope, kenako dziko lonse. Ndiye chidzakhala chisankho chimenecho kapena maliro?"

"Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndamva m'mimba, bwana."

"Zitseko zathu zimatseguka zokha, mayi."

A Nankhoma anayang'ana kwa Amfumu. Amfumu anawayang'ananso, maso ali ndi misozi, khosi lili chilili. N'kutheka kuti ankavomera. N'kuthekanso kuti chikolala chinkawathina.

Nthawi yonseyi a Jailosi anali atasuzumira pa bondo lachitsulo lija, pamene panali kanambala. Mwadzidzidzi anadzuka.

"Amfumu! Mabwana! Ndi ameneyu! Uyu ndi Bondo Lakumanzere!"

Bwalo lonse linaimirira. Dzina limeneli ankalidziwa onse. Kwa zaka zambiri kunkabwera mauthenga onena zolakwika za mu Chiwaya, osainidwa Bondo Lakumanzere, ndipo Osunga Makiyi ankawagwiritsa ntchito pokonza chinenero. Ankaganiza kuti ndi pulofesa wina wa kunja wosafuna kutchuka. Anali atamusungira ngakhale mpando.

"Zolemba zake zinavomerezedwa zonse," anatero a Jailosi. "Malinga ndi lamulo lachiwiri, mwendowu ndi wovota."

A Nankhoma anapuma mpweya wautali. "Ambuye alemekezeke. Ndiye ndivota."

"Ayi mayi, osati inu. Mwendowu."

"Mwendowu ndi wanga."

"Palibe akukana. Koma analemba ndi mwendo."

Mayiwo anapinda dzanja la bulauzi n'kuonetsa chigongono chodzaza zipsera. Anaonetsanso chipsera cha pachipumi, ndi dzino lobenthuka. "Uthenga uliwonse umene munalandira, ine ndinali pansi. Ichi ndi cha pa mlatho. Ichi ndi cha pa masitepe a tchalitchi, pamaso pa akwaya onse. Anagwa ndi ndani, a Jailosi?"

"Kugwa si kulemba, mayi," anayankha a Jailosi mwachisoni chenicheni. "Koma musadandaule. Lamulo likulolani kufika pa malo ovotera ngati galimoto ya wovota."

Ine nkhani imeneyi ikafika apa imandiwawa, koma a Nankhoma anali munthu wa malonda. Anawerengera mumtima kuti voti ndi voti, ngakhale ikhale ya bondo. Mwendo umapita kumene iwo anena. Anawombanso m'manja, nati "khota", n'kutsika chitunda.

Pa msika moyo unasintha. Anthu ankayamba apereka moni kwa mwendo, kenako n'kuti, "Nanunso mwadzuka bwanji, a Nankhoma?" Okopa anthu a mbali ya a Zingalume anabwera ndi galimoto ya nyimbo n'kuuveka mwendowo sokosi yolembedwa kuti PATSOGOLO BASI. A kampani ya Tidyeretu anabweretsa chitini cha girizi, n'kuupaka bondo atagwada, wojambula ali pambali. Palibe anagulako nsapato ngakhale imodzi.

"Achemwali, mwalemera," anatero a Dafuleni.

"Walemera ndi uyu. Ine ndagona ndi njala, iye akunyezimira."

"Muzimulankhula bwino. Anthu otchuka sachedwa kuiwala kumene anachokera."

Tsiku la voti linaikidwa Lachisanu. Popeza panalibe ankakhulupirira makina owerengera, anagwirizana zovota mwa makolo. Ofuna kuti "ima" achotsedwe akaime pansi pa mkuyu. Ofuna kuti liwulo lisachoke akaime pa chulu. A Jailosi azidutsa n'kumagwira aliyense amene waima chilili, ndipo wogwidwayo ndiye wawerengedwa. Ovota aziitanidwa motsata ukulu, kuyambira akufa. Mwendo, pokhala mlendo pa zandale, unali womaliza.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti a Zingalume anali atauza kale Osunga Makiyi kuti achotseretu liwulo mu phala la tsiku lomwelo. Sikuti ankaba ayi, musawanamizire. Ku Tsegulireni ndi mmene amagwirira ntchito: amayamba achita, voti imabwera pambuyo kudzadalitsa. Iwo amati n'kusunga nthawi.

Mwambo unayamba m'mawa ndi pemphero, kenako mawu a Nduna ya Zamawa, kenako mawu othokoza Nduna ya Zamawa chifukwa cha mawu ake. A Zingalume anakaima pa mkuyu m'malo mwa akufa onse, a Jailosi n'kumawagwira paphewa mobwerezabwereza mpaka suti inayamba kutuwa. A Tidyeretu anapita ku mkuyu ali pa mzere ngati ana a sukulu. Koma ku chulu nakonso kunadzaza, chifukwa olemba ena anali ndi amayi awo ogwiritsa ntchito zigayo, ndipo alamu ena anali atayambana ndi alamu awo. A Jailosi atamaliza kugwira mapewa, anapukuta thukuta.

"Mbali zonse zafanana ndendende! Watsala wovota mmodzi. Bondo Lakumanzere, bwerani!"

Anthu a pa msika, amene anali kunja kwa mpanda poti savota, anayamba nthungululu. A Nankhoma anakonza chitenje, anadzutsa mutu, nati, "Yenda." Mwendo unanyamuka monyadira, girizi akunyezimira, kulunjika pa chulu. A Zingalume anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litangofika paliwombo.

Kabondo kanalira kuti tswii, kumwa phala.

A Nankhoma anafika pa chulu. "Ima."

Mwendo unapitirira.

"Ima! Iwe, ima!"

Unakwera chulu, unatsikira kuseri, n'kulunjika ku mpanda, mwendo wobadwa nawo ukutsatira mokakamizika. A Jailosi ankathamanga pambuyo dzanja lili m'mwamba, koma lamulo linkati agwire woima chilili. Mayiwo anakuwa kuti "khota", mwendo unakhota, anabwereranso pa chulu, anakuwanso "ima" mpaka mawu anasasa, koma anangodutsa ngati basi yodzaza.

Ufumu wonse unali chimodzimodzi. Chigayo chinagaya chimanga, chinagaya chisaka, chinayamba kuyang'ana mwini wake. Mipope inasefukira. Mpando wa matayala wa Amfumu unanyamuka nawo kuzungulira bwalo, iwo ali njo, osatha ngakhale kupukusa mutu. Koma zonsezi zinapeza mankhwala msanga. Chigayo anachizimitsira magetsi. Mipope anaitseka ndi zitsononkho. Mpando wa Amfumu anauikira njerwa. Pofika madzulo aliyense anali atapeza njira yokhalira ndi vuto lake, monga amachitira anthu a kumeneko, ndipo ena anayamba kunena kuti kale zinthu zinkaima mopitirira muyeso. Chinthu chimodzi chokha mu ufumu wonse n'chimene chinkadzipangira chokha magetsi chikamayenda.

Anyamata a pa msika analumpha mpanda kuti augwire mwendowo pa chulu ndi mphamvu. A Jailosi anawatsekereza. "Kukakamiza wovota ndi mlandu waukulu!"

A Dafuleni anabwera ndi sipanala ndi kakompyuta kawo, akuthamanga pambali pa a Nankhoma. "Chiwaya n'cha tonse, liwulo ndikulidziwa, ndilibwezera pompano!"

"Mukangotsegula bondo limenelo, a Dafuleni, mwabera chisankho," anatero a Jailosi akupuma mwawefuwefu. "Wovota sanavote. Palibe womugwira m'mutu."

"Ndiye libwezereni inuyo ku nyumba yachifumuko!"

"Kubwezera liwu ndi kusintha chinenero. Kusintha chinenero kumafuna voti. Voti ina singayambe iyi isanathe."

"Nanga iyi itha liti?"

"Wovota akaima."

"Aima bwanji mwachotsa 'ima'?"

A Jailosi anaganiza kwa kanthawi, akuthamangabe. "Funso limenelo ndi labwino kwambiri. Ndikalipereka ku komiti."

A Zingalume anauza atolankhani kuti chisankho chayenda mwamtendere, ndipo wovota womaliza akusinkhasinkhabe, zomwe zikusonyeza kukhwima kwa demokalase. Atafunsidwa za "pumulako mwanzeru", anati likubwera.

Mwina mukuti, bwanji mayiwo sanangomasula malamba n'kuuvula? Anaganizapo, kambirimbiri. Koma akanauvula ukanapita wokha osatembenuka, mpaka kutuluka malire amene komiti sinagwirizanebe. Akanatsala opanda mwendo, ndipo voti yokhayo imene ikanabweza "ima" ikanapita nawo. Choncho anaumangitsa malamba.

Mpaka lero a Nankhoma akuzungulira msika wa Pirirani. Nsapato amazisenza mu dengu pamutu, ndipo wofuna kugula amathamanga nawo pambali, kuyesa nsapato akudumpha ndi mwendo umodzi. Amadya akuyenda. Anaphunzira kuwodzera akuyenda, ngati ng'ombe ya pangolo, n'kumadzidzimuka pa ngodya kuti anene "khota". Nyumba yawo amaiona akamadutsa. Mdzukulu wawo atabadwa, anachita kuwathamangitsira kuti amuone nkhope. Malonda nawo analowa pansi, chifukwa phazi lobadwa nalo limatha nsapato, ndipo iwo akhala akuvala zakumanja za mu dengu lawo imodzi ndi imodzi. Mu dengumo tsopano mwatsala zakumanzere zokhazokha.

Tsiku lina a Jailosi anatsika ku msika pa njinga, atavala tayi. Anapalasa pang'onopang'ono pambali pa mayiwo, n'kuvula chipewa. Sanavulire a Nankhoma. Anaweramira ku bondo.

"Pepani bwana Bondo, ndakusokonezani muli pa ulendo. Bwalo lakhazikitsa komiti yofufuza ngati ogwiritsa ntchito Chiwaya angamavoteko m'tsogolo muno. Tikumva maganizo a ovota onse. Inu mukuti bwanji?"

Mwendo unangoti gwede, gwede, gwede.

"Akuti aganizire kaye," anatero a Dafuleni ali pa khomo la shedi yawo. Panalibe anaseka.

"A Jailosi," anatero a Nankhoma. Mawu awo anali otsika, opanda ukali. "Uwu wachitsulowu mwaufunsa, chabwino, ndi nzika. Tsono tayang'anani winawu."

A Jailosi anayang'ana. Phazi lakumanja linali litatupa mpaka nsapato anachita kuing'amba m'mbali. Chidendene chinali chitang'ambika, ndipo paliponse pamene linkaponda pankatsala kadontho kofiira pa fumbi. Poyang'ana bwino, anaona kuti timadontho takale tazungulira msika wonse, mzere umodzi wosaduka.

Anali munthu wachifundo, a Jailosi, ndipo chimene anaonacho chinawakhudza kwambiri. Anafufuza m'mutu mwake lamulo loyamba, anafufuza lachiwiri, anafufuza ndi la akufa lomwe.

"Pepani mayi," anatero potsiriza. "Umenewo suvota."

A Nankhoma anali atafika pa ngodya ya ogulitsa makala.

"Khota," anatero, mwendo n'kukhota.